Dzina la seva silikhala pamalo amodzi

Aliyense amene anaikapo Debian kapena Ubuntu pa seva yatsopano amadziwa funso limene limabwera ntchitoyo ili mkati, lofuna kuti makinawo apatsidwe dzina. Ambirife timalidutsa mothamanga funsoli, popeza maganizo amakhala ali pa kagawidwe ka disiki ndi pa mawu achinsinsi, ndipo n'chifukwa chake m'maofesi ambiri muno mu Lusaka mumapezeka makina otchedwa ubuntu, server1, kapenanso localhost, pomwe akusunga mabuku a ndalama a bungwe lonse. Ntchito yanga ndi yosamalira maseva a mabungwe ang'onoang'ono ndi mabizinesi apakati, kuyambira masitolo a ku Kamwala mpaka maofesi a ku Rhodes Park ndi Longacres, ndipo chimene ndaona n'chakuti mavuto ambiri a mayina amachokera pa ganizo limodzi, lakuti dzina la seva limalembedwa pamalo amodzi, moti ukalisintha pamenepo ndiye kuti wamaliza. Zoona zake n'zakuti kernel, yomwe ndi mtima wa Linux, ili ndi dzina limene imadziwa, fayilo ya /etc/hosts ili ndi lake, DNS, dongosolo lotembenuza mayina kukhala maadiresi a makina, ili ndi lake, eni adiresi ya IP ali ndi lawo, mapulogalamu ena amasunganso awo, ndipo malo onsewa sauzana kanthu pokhapokha munthu atawagwirizanitsa ndi dzanja.

Poyambira pabwino ndi pa dzina limene makina amadzitcha okha. Dzinali limagwiridwa ndi kernel, silingapitirire zilembo 64, ndipo limaoneka mukalemba uname -n kapena hostname osawonjezera kanthu. Kernel imaliiwala makina akazima, choncho nthawi iliyonse yoyatsa, systemd, pulogalamu yoyambitsa zonse pa makinawo, imawerenga fayilo ya /etc/hostname, yomwe imakhala ndi mzere umodzi wokha, n'kuiuzanso kernel dzinalo. Msampha woyamba uli pomwepa, chifukwa lamulo lakale la hostname kafue (kafue ndi dzina lachitsanzo la makina) limasintha dzina la mu kernel lokha osakhudza fayilo, ndipo munthu amaona dzina latsopano pa sikirini n'kuweruka mtima uli m'malo. Seva imene sizimazima ikhoza kuyenda chaka chathunthu ndi dzina limene silinalembedwe paliponse. Mu 2024, pamene chilala chinachepetsa madzi ku Kariba ndipo magetsi ankasowa maola ambiri tsiku lililonse, mabatire a m'maofesi ankatha magetsi asanabwere, maseva ankazima ndi kuyaka mobwerezabwereza, ndipo zonse zimene zinasinthidwa popanda kulembedwa m'mafayilo zinayamba kuonekera poyera, kuphatikizapo mayina akale amene aliyense anali ataiwala.

Njira yodalirika pa Linux iliyonse yoyendera systemd ndi hostnamectl set-hostname kafue, chifukwa lamuloli limalemba m'fayilo komanso limauza kernel nthawi yomweyo. Systemd imasiyanitsa mayina atatu: lokhazikika, lomwe ndi la mu /etc/hostname, losakhalitsa, lomwe lingachokere ku DHCP, njira yogawira makina maadiresi pa netiweki, ngati lokhazikika palibe, ndi lokongoletsa, lomwe limalola mipata ndi zilembo zazikulu ndipo limasungidwa mu /etc/machine-info. Dzina lachitatuli pa seva lilibe ntchito yeniyeni, ndipo ine sindilikhudza n'komwe. Chimene chimafuna tcheru ndi cloud-init, pulogalamu yoika makonzedwe a seva ikamayatsidwa. Seva ya lendi, kaya ili ku Johannesburg kapena ku Frankfurt, nthawi zambiri imabwera ndi pulogalamu imeneyi, yomwe imatha kubwezera dzina loyamba makina akayatsidwanso, ndipo nthawi zina imalemba /etc/hosts mwatsopano n'kufufuta zimene munthu anawonjezera. Chothetsera vutoli ndi kuika preserve_hostname: true mu /etc/cloud/cloud.cfg, n'kuonanso zimene manage_etc_hosts yauzidwa kuchita.

Malamulo a kalembedwe ndi ochepa ndiponso akale. RFC 952 ya 1985, chimodzi mwa zikalata za malamulo a intaneti, inalola zilembo, manambala ndi kamzere kapakati, ndipo RFC 1123 ya 1989 inawonjezera kuti dzina lingayambe ndi nambala. Kamzere kapansi sikaloledwa m'dzina la makina, ngakhale kamapezeka m'mayina ena a DNS monga _dmarc. Gawo lililonse la pakati pa madontho silipitirira zilembo 63, dzina lonse silipitirira 253, ndipo ngakhale DNS sisiyanitsa zilembo zazikulu ndi zazing'ono, mapulogalamu ena amasiyanitsa, choncho ndi bwino kulemba zazing'ono zokhazokha. Palinso lamulo la domainname, limene limasokeretsa anthu amene angoyamba kumene ntchitoyi. Lamuloli limanena za NIS, dongosolo lakale la Sun Microsystems logawana maakaunti pa netiweki, ndipo pa maseva ambiri a masiku ano limangoyankha kuti palibe chimene chinaikidwa. Kernel ya Linux sidziwa chilichonse chokhudza domain ya DNS ya makina ake, yomwe ndi gawo lakumapeto la dzina lathunthu, monga example.org.

Kuti timvetse kumene domain ya makina imachokera, tiyenera kubwerera m'mbuyo pang'ono. M'zaka za m'ma 1970, pa ARPANET, netiweki imene inabala intaneti, mayina a makompyuta onse ankalembedwa m'fayilo imodzi yotchedwa HOSTS.TXT, imene inkasamalidwa ndi gulu la Elizabeth Feinler ku Stanford Research Institute ku California. Wofuna kulembetsa kompyuta yatsopano ankadziwitsa ofesi imeneyo, ndipo malo ena onse ankakopera fayiloyo nthawi ndi nthawi. Makompyuta atachuluka njirayi inalephera, ndipo mu 1983 Paul Mockapetris anafotokoza DNS mu RFC 882 ndi 883, zimene zinalowedwa m'malo ndi RFC 1034 ndi 1035 mu 1987. Fayilo yakale ija sinatheretu ayi. Inatsalira pa makina alionse ngati /etc/hosts, ndipo pa Linux zambiri mawu ake amamveka DNS isanafunsidwe.

Mukalemba hostname -f kuti muone dzina lathunthu, makina amatenga dzina la mu kernel n'kulifufuza ngati mmene angafufuzire dzina la makina ena alionse, ndipo dzina loyamba limene apeza pa mzere wogwirizana ndilo limene amaliyesa lenileni. N'chifukwa chake kasanjidwe ka mzerewo n'kofunika:

203.0.113.10   kafue.example.org   kafue

Adiresi imayamba, kenako dzina lathunthu, pomaliza lalifupi. Mukatembenuza mayina awiriwo, hostname -f idzayankha kuti kafue basi, dnsdomainname sidzayankha kanthu, ndipo pulogalamu iliyonse yodalira yankho limeneli idzasokera. Domain ya example.org ndi maadiresi oyamba ndi 203.0.113 anapatulidwa kuti azigwiritsidwa ntchito m'zitsanzo zokha, ndiye owerenga aikepo zawo. Mzere umenewu ukasowa, zizindikiro zake n'zodziwika. Sudo, lamulo lochitira zinthu ndi mphamvu za woyang'anira makina, imayamba kudandaula kuti unable to resolve host isanachite chimene yauzidwa, ndipo ngati intaneti ya ofesi yaduka imaima kaye masekondi angapo kudikira DNS imene sikuyankha. Apache, pulogalamu yoyendetsa mawebusayiti, nayo imalemba uthenga wakuti yalephera kudziwa dzina lathunthu la seva, uthenga umene ambiri amangouzolowera m'malo moika ServerName.

Ogwiritsa ntchito Debian ndi Ubuntu amapeza mu /etc/hosts mzere woyamba ndi 127.0.1.1, ndipo ena amaufufuta poganiza kuti ndi kulakwitsa kwa 127.0.0.1. Mzerewu unaikidwa dala kuti makina opanda adiresi yokhazikika, monga laputopu, azitha kupeza dzina lawo ngakhale asanalowe pa netiweki iliyonse. Pa seva yokhala ndi adiresi yokhazikika, malangizo a Debian omwewo amati adiresi yeniyeniyo ndiyo iikidwe m'malo mwake, ndipo chifukwa chake n'chomveka. Mapulogalamu amene amagwira ntchito pamodzi pa makina angapo amafufuza dzina la makina awo kuti adziwe adiresi yoti auze anzawo, ndipo akapeza 127.0.1.1 amaiulutsa choncho, moti mnzawo aliyense akafuna kuwapeza amangodzipeza yekha. Proxmox, imene yafala m'maofesi ang'onoang'ono ofuna kuyendetsa makina angapo pa bokosi limodzi, imafuna kuti dzina la makina lilozere ku adiresi yeniyeni ya pa netiweki, apo ayi zigawo zake zina siziyamba.

Funso la amene amafunsidwa koyamba limayankhidwa mu /etc/nsswitch.conf, pa mzere woyamba ndi hosts. Ukalembedwa kuti files dns, ndiye kuti /etc/hosts ili patsogolo ndipo DNS imafunsidwa pokhapokha dzinalo likasowa m'fayilo. Mnyamata wina wa ku Katete amene ndikumuphunzitsa ntchito anandiimbira tsiku lina ali kwa kasitomala, atasamutsa database kupita ku seva yatsopano. Anati, "Akulu, dig ikupereka adiresi yatsopano bwinobwino, koma pulogalamu ya malipiro ikupitabe ku seva yakale. Kodi si DNS yawo yawonongeka?" Ndinamuuza kuti alembe getent hosts ndi dzina lomwelo, ndipo inatuluka adiresi yakale. Atatsegula /etc/hosts anapeza mzere kumunsi kwenikweni, wolembedwa kalekale ndi munthu amene anachoka pa bungwelo, wopanda mawu alionse ofotokoza chifukwa chake. Zida za dig, nslookup ndi host zimafunsa DNS mwachindunji osadutsa ku nsswitch.conf, pamene mapulogalamu ambiri amafunsa kudzera mu laibulale ya C, gawo la Linux limene limatsata fayiloyo, ndipo getent ndiyo imayenda njira yomweyo. Munthu amene amayesa ndi dig yokha amakhala akuona zimene DNS ikudziwa, zomwe zingasiyane kutali ndi zimene pulogalamu yake ikumva. Pa chifukwa chimenechi, maganizo anga ndi akuti /etc/hosts ya seva izikhala ndi localhost ndi dzina la makinawo basi, ndipo mzere wina uliwonse wowonjezera uzikhala ndi tsiku ndi chifukwa chake pambali.

Pali nkhani imene akatswiri sagwirizana, yakuti mu /etc/hostname muzilembedwa dzina lalifupi kapena lathunthu. Debian imalemba lalifupi n'kusiya domain kuti izichokera ku /etc/hosts kapena ku DNS, pamene mabuku a Red Hat amalimbikitsa kuti dzina lokhazikika lizifanana ndi dzina lathunthu la mu DNS. Ine ndimatsata njira ya Debian pa makina ambiri, popeza domain ya bungwe imatha kusintha pamene makina akadali omwewo, ndiponso malire a zilembo 64 aja sachedwa kukwana dzina likakhala ndi magawo ambiri. Ndimasiya njirayi makina akamalowa mu FreeIPA, dongosolo losunga maakaunti a bungwe pamalo amodzi, chifukwa iyo imafuna dzina lathunthu ndipo Kerberos, njira yake yotsimikizira anthu ndi makina, sinyengerera dzina likasiyana ngakhale pang'ono. Chimene sindilola ndi kusakaniza njira ziwirizi m'bungwe limodzi popanda chifukwa cholembedwa, chifukwa zida zoyang'anira maseva ndi zosonkhanitsa malogi zimayamba kuwerenga makina amodzi ngati awiri.

Fayilo ya /etc/resolv.conf ndiyo imanena ma seva a DNS oti afunsidwe, ndipo laibulale ya C imawerengamo atatu okha, n'kudikira masekondi 5 kwa aliyense asanapite kwa wotsatira. Mzere wa search ndi umene umalola munthu kulemba ssh luangwa, pofuna kulowa pa seva yotchedwa luangwa, makina n'kumaliza okha kuti luangwa.example.org. Izi n'zothandiza pa kiyibodi, koma m'mafayilo a mapulogalamu ndimalemba dzina lathunthu nthawi zonse, chifukwa mzere wa search umatha kusinthidwa ndi DHCP kapena VPN, dzina lalifupi n'kuyamba kutanthauza makina ena. Pa Ubuntu ya masiku ano fayiloyi imangolozera ku 127.0.0.53, kumene kuli systemd-resolved, ndipo zimene munthu angalembemo ndi dzanja sizikhalitsa. Zoona zake zimaoneka mu resolvectl status, ndipo zosintha zimalembedwa m'mafayilo a netplan.

Tsopano tifike pa kusankha domain yeniyeniyo, pamene chisankho cha tsiku limodzi chimamanga bungwe kwa zaka zambiri. Kale anthu ankangopeka mathero a dzina a m'kati mwa ofesi, ndipo ofala kwambiri anali .local, .lan ndi .dev. Vuto la .local ndi lakuti RFC 6762 ya 2013 inaipatula kuti ikhale ya Multicast DNS, njira imene maprinta ndi makompyuta a Apple amapezerana pa netiweki, ndipo pa Linux yokhala ndi Avahi, pulogalamu ya njira imeneyi, mayina othera ndi .local amatha kutumizidwa kumeneko osafika ku DNS ya ofesi, zomwe zimachititsa kuti dzina lizipezeka pa kompyuta ina n'kumasowa pa ina. Nkhani ya .dev ndi yophunzitsa kwambiri. Olemba mapulogalamu ankaigwiritsa ntchito poyesera mawebusayiti pa makina awo poganiza kuti ilibe mwini, koma Google inaitenga, ndipo mu December 2017 Chrome inayamba kukakamiza HTTPS pa dzina lililonse lothera ndi .dev, moti mawebusayiti oyeserera aja anasiya kutseguka. Masiku ano pali home.arpa, imene RFC 8375 ya 2018 inakonzera manetiweki a kunyumba, komanso .internal, imene ICANN, bungwe loyang'anira mayina a pa intaneti, inaipatula mu 2024 kuti isadzagulitsidwe. Zonsezi n'zovomerezeka, komabe ine ndimalangiza mabungwe kuti agwiritse ntchito gawo la domain imene analembetsa kale, monga lsk.example.org. Chifukwa chachikulu ndi masatifiketi a HTTPS, otsimikizira dzina la seva. Kuyambira mu November 2015 mabungwe opereka masatifiketi odalirika ndi aliyense sapereka satifiketi ya dzina la m'kati lopanda mwini, pamene dzina la pansi pa domain yanu likhoza kulandira satifiketi ya Let's Encrypt mwa kutsimikizira umwini kudzera mu DNS, ngakhale seva yakeyo sioneka kunja kwa ofesi.

Kwa ife kuno kwathu, domain yodziwikitsa dziko ndi .zm, imene inakhazikitsidwa mu 1994, chaka chimene ZAMNET, yochokera ku University of Zambia, inalumikiza dziko lino ku intaneti. Lero .zm imayang'aniridwa ndi ZICTA, ndipo pansi pake pali magawo monga co.zm, org.zm, ac.zm ndi gov.zm. Kaya bungwe lasankha .zm kapena .org, funso limene ndimafunsa tsiku loyamba ndi lakuti domain inalembetsedwa m'dzina la ndani, ndipo imelo yokumbutsa za kulipira imapita kwa ndani. Mayi wina woyang'anira ndalama pa bungwe lina anandiyankha kuti, "Bambo, ife timangolipira amene anatipangira webusayiti, zinazo sitizidziwa." Titafufuza, domain inali m'dzina la munthu amene anapanga webusayitiyo, imelo yolumikizirana inali yakeyake, ndipo iye anali atasamukira kunja. Bungwe lotere likhoza kukhala ndi seva yokonzedwa mwaluso, koma tsiku limene domain idzathe nthawi, imelo zonse ndi webusayiti zidzaima nthawi imodzi popanda chilichonse chowonongeka pa makina. Domain iyenera kukhala m'dzina la bungwe, imelo yolumikizirana ikhale yofika kwa anthu angapo, ndipo imeloyo isakhale ya pa domain yomweyo, chifukwa domain ikaima uthenga woithandiza kudzuka sungafike.

M'kati mwa zone, yomwe ndi mndandanda wa zolembedwa za domain mu DNS, zolembedwa zofunika ndi A ya adiresi ya IPv4, AAAA ya IPv6, CNAME yolozera dzina ku dzina lina, ndi MX yonena kolandirira makalata. Amene akusamalira BIND yawoyawo, pulogalamu ya seva ya DNS, ayenera kuopa kadontho ka kumapeto. Dzina lolembedwa m'fayilo ya zone popanda kadontho komalizira limawonjezeredwa dzina la zone yonse, moti kafue.example.org imasanduka kafue.example.org.example.org, ndipo fayiloyo imavomerezedwa popanda dandaulo chifukwa kalembedwe kake n'kololedwa. Nambala ya serial mu SOA, cholembedwa chotsogolera zone, iyenera kukwezedwa pa kusintha kulikonse, apo ayi ma seva achiwiri sakopera zatsopano, ndipo chizolowezi chofala ndi kulemba chaka, mwezi, tsiku ndi manambala awiri owerengera zosintha za tsikulo. CNAME siloledwa kukhala pamodzi ndi cholembedwa china pa dzina limodzi, choncho singaikidwe pa mutu wa domain pamene pali SOA ndi NS yonena ma seva a DNS a domainyo, ndipo MX siyenera kulozera ku CNAME. Ponena za kuchedwa kwa zosintha, palibe chimene chimatumizidwa kuzungulira dziko. Seva iliyonse ya DNS imene inafunsapo dzinalo imasunga yankho kwa nthawi yolembedwa mu TTL, ndiye ngati TTL ndi 86400, yomwe ndi tsiku lathunthu, wofuna kusamutsa seva Loweruka ayenera kuitsitsa kufika pa 300 pofika Lachinayi, kuti mayankho akale athe mphamvu nthawi isanakwane. Yankho lakuti dzina kulibe nalonso limasungidwa, motsatira RFC 2308, ndipo n'chifukwa chake munthu amene wayesa dzina asanalilembe amatha kumauzidwabe kuti kulibe ngakhale atalilemba.

Malo amene ali kunja kwa mphamvu za wosamalira seva ndi PTR, cholembedwa chimene chimatembenuza funso, kuchoka pa adiresi kupita ku dzina. Munthu akhoza kudzitcha dzina lililonse kunyumba kwake, anzake n'kumamuitana nalo, koma akafika ku banki amamufunsa NRC, chiphaso cha unzika, ndipo dzina limene limagwira ntchito ndi la pa khadilo, lomwe sanadzilembere yekha. Ndi mmenenso zilili ndi seva ikafuna kutumiza makalata. Zolembedwa za PTR zimakhala pansi pa in-addr.arpa, ndipo ulamuliro wake umatsata umwini wa maadiresi: kuno ku Africa maadiresi amagawidwa ndi AFRINIC, yomwe ili ku Mauritius, kupita kwa makampani opereka intaneti, ndipo iwowo ndi amene angalembe PTR ya adiresi imene akubwereketsani. Kuilemba mu zone yanu sikuthandiza kanthu. Seva ya makalata ikalumikizana ndi inzake imadzitchula dzina m'moni wa EHLO, dzina limene Postfix, pulogalamu yotumiza makalata, imatenga mu myhostname, ndipo wolandirayo amafunsa PTR ya adiresi imene yalumikizayo, kenako amafunsa A ya dzina limene wapezalo kuti aone ngati likubwerera ku adiresi yomweyo. Kuyambira mu February 2024 Gmail imafuna kuti aliyense wotumiza makalata akhale ndi zolembedwa zolondola za mbali zonse ziwirizi, pamodzi ndi SPF kapena DKIM, njira zotsimikizira kuti kalata yachokeradi ku domain yake. Choncho bungwe lofuna kusunga seva ya makalata mu ofesi yake liyenera kufunsa kampani ya intaneti, lisanasaine pangano, ngati adiresi idzakhale yokhazikika ndiponso ngati adzavomere kulemba PTR. Yankho likakhala losamveka, ndi bwino kutumiza makalata kudzera kwa ena amene zimenezi anakonza kale kusiyana ndi kulimbana ndi makalata obwezedwa.

Ndasunga nkhani ya kusankha dzina lenilenilo mpaka pano chifukwa imamveka bwino munthu akadziwa malo onse amene dzinalo lidzalembedwe. Mu 1990 Don Libes analemba RFC 1178, yolangiza za kupereka mayina kwa makompyuta, ndipo mfundo zake zikadali zamphamvu: osatcha makina dzina la ntchito imene akugwira lero, osawatcha dzina la munthu amene akuwagwiritsa ntchito, ndipo ndi bwino kusankha mayina afupiafupi ochokera m'gulu limodzi la zinthu. Ine ndimakonda mitsinje, monga kafue, luangwa, chambeshi ndi kabompo, chifukwa ndi mayina amene aliyense kuno amawamva bwino pa foni, ngakhale ndimasiya lunsemfwa chifukwa cha kalembedwe kake. Kumene makina ali mazanamazana ndipo amapangidwa ndi kufufutidwa ndi pulogalamu, mayina a manambala monga lsk-web-01 ndi oyenera, ndipo sindikutsutsa. Mfundo yaikulu ndi kulekanitsa dzina la makina ndi dzina la ntchito. Makina akhale kafue, ndipo malipiro.example.org ikhale CNAME yolozera kwa kafue. Tsiku limene pulogalamu ya malipiro idzasamukire kwa luangwa, chosintha ndi mzere umodzi mu DNS, ndipo palibe wogwira ntchito amene adzauzidwe kuti aloweze adiresi yatsopano. Kumene njirayi sinatsatidwe mumapezeka makina otchedwa mail amene anasiya kalekale kulandira makalata ndipo tsopano akusunga zithunzi za makamera a pa geti.

Kusintha dzina la makina amene akugwira kale ntchito ndi chinthu chimene ndimachipewa ndikatha, chifukwa mapulogalamu ena amamanga zinthu zawo pa dzinalo mwakachetechete. RabbitMQ, yonyamula mauthenga pakati pa mapulogalamu, imadzitcha rabbit@ kutsatiridwa ndi dzina la makina, ndipo imasunga zinthu zake m'foda ya dzina limenelo, moti dzina likasintha imayamba ngati yatsopano, mizere ya mauthenga ndi maakaunti osaoneka, ngakhale zonse zikadali pa disiki m'foda yakale. MySQL, pulogalamu ya database, imatcha mafayilo ake a relay log potengera dzina la makina ngati sanapatsidwe dzina lina, zomwe zimatha kusokoneza kukoperana kwa ma database. Proxmox imasunga makonzedwe a makina ake pansi pa /etc/pve/nodes m'foda ya dzina la bokosilo. Pa Debian palinso /etc/mailname, imene hostnamectl siikhudza. Ngati kusinthako n'kosapeweka, ndimayamba ndi grep -r ya dzina lakale mu /etc monse kuti ndione pamene linalembedwa, ndimakonza DNS ndi PTR ndisanakhudze makina, ndipo pomaliza ndimazimitsa n'kuyatsanso seva ndili pomwepo, kenako n'kuyerekeza mayankho a hostname, hostname -f, getent hosts, dig ndi dig -x kuti onse anene chimodzi.

Dzina la makina amene apumitsidwa nalonso limafuna kusamalidwa. Seva ya lendi ikabwezedwa, adiresi yake imapatsidwa kwa kasitomala wina, ndipo ngati cholembedwa cha A chatsalira mu zone, dzina la bungwe lanu limakhala likulozera ku makina a munthu wosadziwika, amene akhoza kuikapo webusayiti yake n'kulandiranso satifiketi yovomerezeka ya dzina lanulo, popeza umboni umene amafunsidwa ndi wakuti dzinalo likufika pa makina ake. Choncho zolembedwa za DNS zizifufutidwa seva isanabwezedwe, pamodzi ndi CNAME iliyonse imene inkalozera kumeneko. Sindiperekanso dzina lakale kwa makina atsopano. SSH imakumbukira kiyi ya makina alionse mu known_hosts potengera dzina, ndipo ikapeza kiyi yachilendo pa dzina lodziwika imachenjeza mwamphamvu n'kukana kulumikiza. Ogwira ntchito akauzidwa kawirikawiri kuti angofufuta mzerewo ndi ssh-keygen -R n'kupitiriza, amazolowera kutero osafunsa, pomwe chenjezolo linaikidwa kuti liwaimitse tsiku limene munthu wina walowa pakati pa iwo ndi seva yawo.